Msewu wa Choko

Lachitatu pa 17 Julaye 2024, Bambo Edmond Njobvu a ku koleji ya aphunzitsi anafika pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Kacholola kudzaona kaphunzitsidwe ka wophunzira wawo, Consolata Daka. Uku kunali kuyesedwa kwake komaliza, ndipo popanda malikisi awo dipuloma yake ikanadikira chaka china. Analowa m'kalasi la Giledi 2 atavala chikhoti choyera, kabokosi kabuluu ka chakudya kali m'manja, ndipo anapeza mabenchi okhaokha, nsapato imodzi pawindo, ndi Consolata ataima patsogolo pa bolodi.

"Mwauka bwanji, bambo?" anatero Consolata, akupinda bondo.

"Ndauka. Ana ali kuti?"

"Ali m'nthochi, bambo."

"M'nthochi." A Njobvu anasuzumira pawindo. Kuseri kwa bwalo la mpira masamba a nthochi ankagwedezeka popanda mphepo. "Akuchitamo chiyani? Kafukufuku wa za ulimi?"

"Iyayi, bambo. Abisala."

"Abisalila ndani?"

"Inu."

"Ine?"

"Mwabwela pa motoka ya kuchipatala. Mwatsika ndi chikhoti choyela ndi bokosi labuluu. Mwezi watha a katemela anabwela chimodzimodzi. Ndiye wina anangokuwa kuti, 'Jekeseni!' Ena anatulukila pakhomo, ena pawindo."

"Motokayo andinyamulako chabe ku Nyimba! M'bokosimu muli mazila owilitsa ndi tiyi."

"A katemela nawonso anati muli maswiti."

A Njobvu anaika kabokosi pa benchi la kumbuyo. "Ahedi ali kuti?"

"Apita kukawanyengelela. Ana ayankha kuti abwela mukavula chikhoti."

"Ayankha! Ali ndi komiti, eti? Ndiye ine, Edmond Njobvu, ndivule chikhoti chifukwa tiana tamamina talamula. Bwanji ndisavulenso nsapato? Kapena thalauzi?"

"Za thalauzi sanatchule, bambo. Ndikafunse?"

Consolata anali atafika kale pakhomo.

"Bwelelani kuno! Chikhoti ichi ndaphunzitsa nacho musanabadwe inu. Mphunzitsi amadziwika ndi chiyani?"

"Ndi kavalidwe, bambo. Munatiphunzitsa sabata yoyamba."

"Basi. Sichivulidwa."

"Ndiye mwina mubwelenso mailo, pa motoka ina."

"Mailo Lachinayi ndili ku Sasare. Lachisanu ku Kalindawalo, ndipo Lachisanulo ndiye potsekela mayesowa. Kuno sindibwelanso. Motoka ija ikamabwelela ku Nyimba iliza huta, ine ndikwela. Zimene sindinaone sindipatsa malikisi. Tidzaonana chaka chamawa."

Consolata anapukuta manja pa chitenje. "Chaka chamawa, bambo?"

"Mwamva bwino."

"Nanga ndichite bwanji?"

"Aa, n'chapafupi. Phunzitsani mabenchi. Kapena phunzitsani ine, poti ndine ndekha ndabwela kusukulu lelo."

Consolata anayang'ana mabenchi, kenako anayang'ana a Njobvu, ngati munthu wosankha mbuzi pamsika.

"Ndasankha inu, bambo. Mabenchi sayankha."

A Njobvu anangopuma mwamphamvu. Anadzipanikiza pa benchi la kumbuyo, mawondo akufika pachifuwa, natulutsa pepala la malikisi kuti alembepo zoti phunziro silinachitike. Consolata anawongola bulauzi, nawomba m'manja kawiri.

"Kalasi, imililani!"

Zii.

"Kalasi, imililani."

"Mukuuza ndani?"

"Munati phunzilo siliyamba mpaka kalasi lonse litaimilila."

"Consolata, ndimanena zoseka."

"Munatinso mwana akayamba nthabwala tisamusekelele, amazolowela."

"Ndinanena zimenezo ine?"

"Chaka chachiwili, pa kasungidwe ka mwambo m'kalasi. Zinabwelanso pamayeso."

"Ndipo munakhoza, ndikuona."

"Zikomo, bambo. Kalasi, imililani."

A Njobvu anaimirira, benchi likutsatira mawondo awo pang'ono lisanagwe.

"Mwauka bwanji, ana?"

"Tapatsana kale moni."

"Sindinamve, ana. Mwadya phala lelo? Mwauka bwanji?"

"Tauka bwino, madamu! Tauka bwino kwambili! Chimwemwe chokhachokha!"

"Eya, choncho. Khalani pansi. Koma osati uko. Bwelani kutsogolo kuno."

"Woyesa amakhala kumbuyo."

"Wovala magalasi amakhala kutsogolo. Munati tisasiye mwana aliyense m'mbuyo."

"Sindinatanthauze benchi!"

"Zinalembedwa pa bolodi, bambo. Ndi choko chofiila."

A Njobvu anatola pepala lawo napita kutsogolo, akulankhula okha. Kabokosi ndi foni anazisiya kumbuyo. Consolata anatsegula kaundula wa kalasi.

"Tili ndi mnzathu watsopano lelo. Dzina?"

"Simundidziwa?"

"Munati mwana azitchula yekha dzina lake, kumamuchotsa manyazi."

"Edmond Njobvu. Mulembenso mtundu wa magazi?"

"Palibe danga lake, bambo. Zaka?"

"Fifite-eyiti."

Consolata analemba, nagwedeza mutu mwachifundo. "Mwachedwelako kuyamba. Koma pano sitiseka munthu chifukwa cha msinkhu. Aliyense amene aseke Edmond, ndithana naye."

Anayang'ana mabenchi mwaukali. Palibe linaseka.

"Ndinu otetezeka, Edmond."

"Mwati ndani?"

"M'kalasi timaitana ana ndi dzina loyamba, bambo. Tikatuluka mubwelelanso kukhala a Njobvu."

"Ndathokoza. Ndimaopa kuti dzina langa lapitilatu."

"Lelo tiphunzila kuwoloka msewu." Consolata analemba mutuwo pa bolodi, nalemba mzere pansi pake ndi rula. "Tiyambe ndi kanyimbo. Ine ndiyamba, inu mulandila. Kumanja, kumanzele, kumanjanso, ndiye woloka! Tiyeni."

"Sindiyimba."

"Kumanja, kumanzele..."

"Ndati sindiyimba. Bwanji osangobweletsa ng'oma kuti ndivinenso?"

Consolata anawerama, natulutsa pansi pa tebulo chitini cha penti chokutidwa ndi chubu cha njinga.

"Ilipo, bambo. Ndinapanga ndekha. Munati zipangizo zizichokela pa zinthu zopezeka pamalo."

"Ikani pansi chimenecho!"

"Ndiye muyimba popanda ng'oma?"

A Njobvu anatchula mawu a nyimboyo mmodzimmodzi, ngati munthu wowerenga chisamani.

"Tamuwombeleni m'manja Edmond!" Consolata anawomba yekha katatu. "Wayesa. Mawu adzabwela akakula."

Kenako anatenga choko najambula pansi mizere iwiri italiitali, kuyambira pakhomo mpaka pawindo, kudula kalasi pakati. Kuseri kwa chitseko anakokako lole ya katoni ya mateyala a zivundikiro za mabotolo, yomangidwa pa ndodo.

"Uwu ndi msewu waukulu. Kukhomoku ndi ku Lusaka, kuwindoku ndi ku Chipata. Iyi ndi lole, yanyamula thonje. Funso loyamba: tisanawoloke timayang'ana kuti?"

"Kumanja."

"Sindinaone dzanja."

"Dzanja la chiyani? Ndili ndekha!"

"Wolankhula osakweza dzanja sitimumva. Munati ngakhale yankho likhale lolondola."

"Ndiye musandimve. Tikhale choncho mpaka motoka ibwele."

Anakhala choncho. Consolata anaima chilili, manja kumbuyo, milomo ikuyenda pang'onopang'ono.

"Mukupemphela?"

"Ndikuwelenga, bambo. Munati tikafunsa funso tizipatsa ana nthawi yoganiza. Ena mutu umachedwa."

Nthawi yomweyo foni inalira pa benchi la kumbuyo. A Njobvu anadzuka, nalunjika komweko. Ataponda mzere woyamba wa choko, Consolata anathamangitsa lole kuchokera ku Lusaka.

"Piiii! Gu!"

Katoni inawagunda pamsongolo.

"Mayo! N'chiyani chimenechi?"

"Mwagundidwa, Edmond."

"Ndikupita kukayankha foni!"

"Ambili amagundidwa choncho. Ana, mwaona zimene zamuchitikila mnzathu? Sanayang'ane kumanja."

"Ndi mkulu wa dipatimenti akuimba!"

"Lole siidziwa zimenezo, bambo."

Foni inasiya kulira. A Njobvu anaima tsidya lina la msewu, akusisita mwendo.

"Mwaika chiyani m'katonimu?"

"Njelwa ziwili. Munati chipangizo chizifanana ndi chenicheni."

"Ndiye bwanji simunabwelese lole yeniyeni ya ku Chipata?"

"Ndinafunsa ahedi. Anati siingalowe pakhomo."

A Njobvu anamuyang'anitsitsa kwa nthawi, kufuna kuona ngati pakamwa pake pagwedezeke. Sipanagwedezeke.

"Consolata, mvetselani bwino. Ine si mwana wanu. Ndine woyesa. Ndabwela kudzaona mmene mumachitila ndi ana."

"Ndi mmenemu, bambo."

"Ndi ana enieni!"

"Enieniwo akudikila chikhoti."

"Chikhoti sichivulidwa!"

"Ndiye bwelelani pamalo panu, tipitilize. Tatsalila m'mbuyo."

"Ndibwelela chifukwa pepala langa lili uko, osati chifukwa mwandiuza inu."

Anadutsa mizere ija chamutu, chala chili m'mwamba. Lole inachokera ku Chipata.

"Piiii! Gu!"

"Aaa! Mwendo womwewo!"

"Kawili, Edmond. Apa ndiye mwafelatu. Koma poti ndi phunzilo, dzukani."

"Zikomo pondiukitsa, madamu. Abale anga adzakuthokozani."

"Ndi ntchito yathu."

A Njobvu anakhala pansi, natenga cholembera, nayamba kulemba mwamphamvu moti pepala linatsala pang'ono kubooka.

"Sindinanene kuti tilembe," anatero Consolata.

"Ndikulemba za inu."

"Zolembelana makalata m'kalasi sitilola. Manje khalani m'magulu a anthu anayi."

A Njobvu anayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere.

"Mwaona?" anatero Consolata mokondwa. "Zayamba kulowa. Chatsala n'kuchitila pamsewu."

"Ndikufunafuna anzanga atatuwo!"

"Gulu likapelewela limagwila ntchito ndi amene alipo. Sankhani wapampando."

"Ndasankha ine."

"Mlembi?"

"Inenso."

"Ayi, Edmond. Mwana mmodzi satenga maudindo onse. Kumeneko ndi kudzikonda."

"Ndiye mlembi akhale benchili. Likuoneka lanzelu."

"Chabwino. Koma mulithandize." Anaika pepala ndi pensulo pa benchi lopanda munthu. "Mukambilane zifukwa zimene anthu amagundidwila pa Kacholola. Muli ndi chidziwitso, musachibise."

"Gulu lathu lakambilana kale. Lagwilizana kuti mphunzitsi wathu wazungulila mutu."

"Dikilani nthawi ya malipoti."

Consolata anayamba kuzungulira m'kalasi, manja kumbuyo, kuima pa benchi lililonse ngati akumvetsera. Atafika pawindo anaima zenizeni. Kuseri kwa khoma kunkamveka kuseka kobisa, ndipo timitu tingapo tinali titatulukira pamwamba pa chiwundo cha windo. Anabwerera monyang'ama kwa a Njobvu nanong'ona.

"Bambo, musatembenuke. Abwela."

"Ndani?"

"Ana. Aona kuti mukugundidwa, ndiye mantha ayamba kutha. Mukagundidwanso kamodzi alowa."

"Oo! Ndiye ndigone pamsewupo lole izingondiponda mpaka kalasi lidzaze?"

"Kamodzi chabe, bambo."

"Mwendo ndi wanga!"

"Tisinthe mwendo."

"Ndakana. Kukhosi kwauma, ndikufuna tiyi wanga."

Anadzuka. Ulendo uno anazungulira msewu wonse, nadutsa cha kukhomo, kumene mizere inathera.

"Mwadutsila ku Lusaka, Edmond. Kumeneko si kuwoloka."

"Ndafika kapena sindinafike?"

Anagwira chivundikiro cha kabokosi kabuluu.

"Bambo, musatsegule!"

Chivundikiro chinalira kuti phwa. Panja panamveka liwu limodzi lakuthwa, "Watsegula!" kenako mapazi ambirimbiri akuthamangira ku nthochi, ndi mawu a ahedi akuzimirira pambuyo pawo. A Njobvu anaima ndi dzira m'manja.

"Ndi dzila," anatero, akulionetsa pawindo. "Dzila!"

Consolata anayang'ana panja. Kenako anatembenuka.

"M'kalasi sitidya, Edmond."

"Ndidya."

"Ndiye mwabweletsela kalasi lonse?"

"Inde! Kalasi lonse ndine!"

Consolata anaganiza. "Zoona. Idyani. Koma mwakuwa kwa mphunzitsi, ndiye pali chilango."

"Eya, tafika pokoma. Bweletsani chikoti, mundikwapule, ndilembe bwino lipoti langa."

"Kukwapula kunaletsedwa, bambo. Munatiuza kuti chilango chiziphunzitsa. Mukamaliza kudya musesa makoko a dzilawo."

"Ndikolopenso?"

"Kukolopa ndi Lachisanu. Inu mudzakhala ku Kalindawalo."

Kutali kunamveka kulira kwa injini. A Njobvu anaponya theka la dzira m'kabokosi, nathamangira kutsogolo kukatenga pepala lawo. Sanayang'ane kumanja, sanayang'ane kumanzere.

"Piiii! Gu!"

A Njobvu anagwira m'mphepete mwa tebulo, maso ali otseka. Injini ija inadutsa. Inali thalakitala ya munthu wina.

"Katatu," anatero Consolata motsitsa mawu.

"Zakwana." Anakhala pa tebulo la mphunzitsi, nawongola chikhoti, nayala pepala la malikisi. "Masewela atha. Manje ndikulankhula ngati a Njobvu. Imani apo. Cholinga cha phunzilo lanu chinali chiyani?"

"Kuti pomaliza, wophunzila athe kuwoloka msewu bwinobwino."

"Ophunzila analipo angati?"

"Mmodzi."

"Wakwanitsa?"

"Iyayi, bambo."

"Ndiye kalasi lonse lalephela. Phunzilo limene kalasi lonse lalephela timalitcha chiyani?"

"Lolephela, bambo."

"Eya. Lelo tagwilizana pa chinthu chimodzi. Mwalephela, amai Daka. Ndalemba. Mukapume, mukadye nthochi, tidzaonana chaka chamawa."

Consolata anaika lole kuseri kwa chitseko, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, natenga faelo yake yaikulu ya mapulani a maphunziro. Anakhala pa benchi la kutsogolo nayamba kulemba pang'onopang'ono. A Njobvu anatseka cholembera chawo, nadikira kudandaula. Kudandaula sikunabwere.

"Simupempha kuti ndikuganizileni?"

"Munati malikisi sapemphedwa, bambo."

"Nanga mukulemba chiyani?"

"Gawo lomaliza la pulani. Mmene phunzilo layendela. Munati tizilemba nthawi yomweyo tisanaiwale."

"Tawelengani timve. Mwina muli nzelu."

Consolata anawerenga ndi mawu a m'kalasi. "Phunzilo silinayende bwino. Wophunzila anali mmodzi, Edmond Njobvu, wa zaka fifite-eyiti. Sanathe kuwoloka msewu. Anagundidwa ndi lole katatu. Kamodzi anazemba. Sakweza dzanja, amadya m'kalasi, ndipo pa ntchito ya m'magulu anasiyila benchi. Nyimbo amayesa."

A Njobvu anavula magalasi.

"Faelo imeneyo imapita kuti?"

"Ku koleji, bambo. Mukudziwa. Lolemba tikapeleka ku dipatimenti."

"Kwa Amai Miti, mkulu wa dipatimenti."

"Eya. Iwo amawelenga tsamba lililonse. Za amene alephela amakaziwelengelanso pamsonkhano wa aphunzitsi onse, kuti aone chinavuta n'chiyani."

"Amai Miti amene amatha kuseka nkhani imodzi temu yonse."

"Ndi ansangala, bambo."

"Fufutani."

"Munati wonama pa gawo limeneli amachotsedwa koleji."

"Sindikuti muname. Lembani kuti 'wophunzila wina'."

"Munati mwana wofunika thandizo lapadela azitchulidwa dzina, zaka ndi vuto lake, kuti womulandila amudziwe."

"Ine sindikufuna thandizo lapadela!"

"Onse amatelo, bambo." Analembanso mzere wina. "Ndikupempha kuti makolo ake aitanidwe."

"Makolo anga anamwalila kalekale!"

Cholembera cha Consolata chinaima. Anawayang'ana ndi chisoni chenicheni. "Pepani. Ndiye chifukwa chake." Anapitiriza kulemba. "Ndi mwana wamasiye. Asamawoloke yekha."

A Njobvu anatsika pa tebulo. "Consolata. Mwana wanga. Tiyeni tilankhule ngati anthu akuluakulu. Ine ndakhala ndikuwoloka msewu wa ku Chipata kuyambila usanaikidwe phula latsopanoli. Ndawoloka pa Nyimba, pa Petauke, ngakhale mu Lusaka mwenimwenimo. Kuwoloka ndimadziwa."

"Ndikukhulupilila, bambo."

"Ndiye lembani zimenezo."

"Sindinaone. Zimene sitinaone sitipatsa malikisi."

A Njobvu anayenda kupita kuwindo, nabwerera, akusamala kuti asaponde choko.

"Chabwino. Ndiyeseninso. Tulutsani lole yanuyo."

"Phunzilo latha, bambo. Mwalemba kale kuti lalephela."

"Ndalemba ndi cholembela, osati ndi moto!"

"Koma ngati phunzilo lalephela, ndiye kuti mwana sanamve. Ngati mwana wamva, ndiye kuti phunzilo silinalephele. Ine ndingolemba zogwilizana ndi zanu, kuti ku koleji asati wina akunama."

"Mwana wamva! Wamva zonse! Kumanja, kumanzele, kumanjanso!"

"Mawu okha, bambo. Cholinga chinali kuwoloka."

Panja galimoto ya kuchipatala inaima pansi pa mtengo, niliza huta kawiri. A Njobvu anakoka pepala la malikisi, nakhwatcha mzere umene analemba, nayamba kudzaza mabokosi mofulumira, akutchula mokweza.

"Zipangizo, zabwino kwambili, mwendo wanga ndi mboni. Kasungidwe ka mwambo, koopsa. Kutsatila pulani, kopitilila muyeso. Kusamalila ana ovuta..." Anaima, napuma. "Kwabwino. Onani apa. Sevente. Mwakhoza. Ndasaina, ndaika deti. Mwaona?"

Consolata anatenga pepala, naliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, naliika bwinobwino mu faelo.

"Zikomo kwambili, bambo."

"Zikomo pambuyo! Motoka ikudikila. Funsani funso lanulo, ndiwoloke, musinthe zimene mwalembazo."

"Mukhale pamalo panu kaye."

Anakhala, mawondo pachifuwa. Huta inaliranso. Consolata anatulutsa lole, naiimika ku Lusaka, nabwerera patsogolo pa bolodi, nawomba m'manja kawiri.

"Kalasi, ndani angabwele kutsogolo kudzationetsa kawolokedwe kabwino ka msewu?"

Dzanja la a Njobvu linakwera mpaka chikhoti chinang'ambika pang'ono m'khwapa. Zala zinkalira.

"Ine, madamu! Ine!"

Consolata anayendetsa maso pang'onopang'ono pa mabenchi onse, kuyambira kukhomo mpaka kuwindo.

"Ena?" anatero. "Osati omwewomwewo nthawi zonse."